Foni Yomwe Inkameza Injini

Kalata inafika Lachiwiri, ndipo ndinaiwerenga mokweza chifukwa maso a Bambo anasiya kuwerenga zaka zinayi zapitazo. Kampani ya matelefoni inkati mawaya akale achotsedwa mwezi ukatha. Aliyense wofuna kusunga foni ya m'nyumba asankhe kampani yoti aziimbira kudzera pa intaneti.

"Nambala yokha isasinthe," anatero Bambo. "Zinazo udziwa ndiwe, mayi. Nanga kusukulu tinakutumiziranji?"

Nambala imeneyo inalembedwa ndi penti pamakoma a magalaji angapo. Bambo anagwira umakaniko zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo matenda a shuga atawadya maso, ntchito inasamukira m'makutu. Makaniko akagonja ndi galimoto ankaimba kwathu, n'kuika foni pafupi ndi injini. Bambo ankakhala pampando wawo m'kanjira kopita kuzipinda, pafupi ndi katebulo ka foni, pakamwa pali yasa pang'ono, kenako n'kuti, "Lamba wafooka," kapena, "Siyani pampuyo, vuto ndi valavu." Sankalipiritsa. Ankangofuna kuti munthuyo aimbenso madzulo n'kunena kuti, "Madala, munalondola."

Woimba kawirikawiri anali a Boneti, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa Bambo ndipo tsopano ali ndi galaji yawoyawo ndi imvi zawozawo. Dzinali anawapatsa ndi Bambo chifukwa cha chipumi chawo chotakata ngati boneti ya galimoto. M'bokosi lawo la masipanala ankasungamo kafoni kakale kamabatani, koimbira Madala basi.

Ine ndinaphunzira masamu ku yunivesite, ndipo pa nthawiyo ntchito yaikulu ya digiri yanga inali kubisa mng'alu wa pakhoma la pabalaza. Ndimakonda funso lililonse lokhala ndi yankho limodzi lobisika. Choncho nkhani ya foniyi ndinailandira ndi manja awiri.

Makampani anali atatu, ndipo tinkawatchula ndi mitundu ya timapepala tawo. Yabuluu inkalonjeza miyezi itatu yaulere ndi mawu omveka ngati muli chipinda chimodzi. Yofiira inkapereka mphindi zambirimbiri zoimbira kunja kwa dziko, kumene ife tilibe ngakhale mlamu wa mlamu. Yachikasu inali yotchipa, kapepala kake kosindikizidwa mopendama, ndipo pa intaneti anthu ankangoinyoza. Onse atatu ankabwereketsa kabokosi kawo koyesera, kolumikiza foni ndi intaneti.

Ndinalemba mizere papepala lalikulu: mtengo, kusunga nambala, kuchedwa kwa mawu, kudukaduka, kumveka bwino. Poyesa kamvekedwe ndinatuma Amayi kukhitchini ndi foni yawo ya m'manja, kuti atsegule mpopi, ayatse wailesi, azigwedeza masupuni m'poto uku akuwerenga kalendala mokweza. Ine ndinkamvetsera pa foni ya Bambo.

"Ndiwerenge mpaka pati?" anafuula Amayi. "Madziwa akutayikatu."

"Mpaka Disembala, Amayi."

"Anzako akukwatiwa, iwe ukuwerengetsa mayi ako kalendala."

Pa Yachikasu ndinamva zonse: mpopi, masupuni, wailesi, ngakhale patapata wa Amayi akukwekwesa pansi. Ndinaipatsa ziwiri pa khumi. Pa Yofiira mawu ankafika mochedwa, moti ine ndi Amayi tinkayamba kulankhula limodzi n'kusiya limodzi, ngati anthu awiri okumana pakhomo lopapatiza. Pa Yabuluu panamveka Amayi okha, mawu ali mbee, ngati akuwerenga kalendala m'tchalitchi mopanda anthu. Khumi pa khumi. Ndinadula mzere kawiri pansi pake, n'kukauza Bambo kuti sayansi yalankhula.

Tinalembetsa ku Yabuluu, ndipo Lolemba lotsatira a Boneti anaimba. Ndinali pabalaza, ndipo ndinkamva mbali ya Bambo yokha.

"Liza." Panapita kanthawi. "Ndati liza injiniyo, iwe. Yalira kale? Yandikiza foniyo. Waiika pati?"

Anasinthira khutu lina. Anatseka khutu lotsalalo ndi chala. Kenako anati, "Ndikuimbira," n'kuika foni pansi pang'onopang'ono ngati dzira.

Mawa lake zinachitikanso ndi makaniko wina. Lachinayi Bambo anaimbira a Boneti okha. "Usamandiimbirenso za magalimoto. Uwauzenso anzako."

Nditawafunsa, anayankha nkhope ataloza kukhoma.

"Imayamba kumveka bwinobwino, kenako imazilala, ngati wina akutseka chitseko. Maso anayambanso chomwechi, mayi."

"Koma anthu mukuwamva."

"Anthu ndikuwamva, inde. Anthu ali ndi chiyani choti ndimve?"

Ndinati tipite kuchipatala akawayeze makutu. Anakana, ati sangakwere basi kukauzidwa zimene akudziwa kale. Madzulo a tsiku lomwelo anakoka mpando wawo kuuchotsa pa katebulo ka foni, n'kukauika kuchipinda pafupi ndi zenera limene sankaonapo kanthu. Anasiya kumeta ndevu. Foni ikalira ankayankha ndi Amayi.

Ndikanakonda kunena kuti ndinazindikira msanga. Ayi. Ndinatenga pepala lina n'kulemba zonse zimene ndinkazikayikira: kafoni ka a Boneti, foni yathu, makutu a Bambo. Kafoni ndinakayesa, kanali bwino. Foni yathu ndinaimasula n'kuipukuta fumbi. Panatsala makutu. Kampani Yabuluu sindinailembe n'komwe pa mndandandawo. Inali ndi khumi pa khumi, ndipo khumi ameneyo ndinapereka ndine.

Patatha milungu itatu, Amayi anaika foni pansi atalankhula ndi mng'ono wawo, amene ndi telala, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Mng'ono wangayu akudwala. Akundibisira."

"Atero ndani?"

"Zaka zonsezi sanandiimbirepo makina ali chete. Amasoka uku akulankhula, mpaka ndimamukalipira kuti ndikumva makina, sindikumva iwe. Tsopano milungu itatu, zii. Ndamufunsa, akuti akusoka ngati kale. Bodza."

Ndinali ndi mbale m'manja. Ndinaiika pansi, n'kuimbira amayi aang'onowo pa foni ya m'nyumba yomweyo.

"Amayi aang'ono, pondani makina, musasiye mpaka ndinene."

"Wapenga?"

"Pondani chabe."

Ndinamva *tatatata* kamphindi kamodzi. Kenako anazilala, ngati wina akutseka chitseko.

"Mwasiya?"

"Ndasiya bwanji, mwendo ukupweteka kale uwu!"

Ku kampani Yabuluu anandiyankha mayi wina wa mawu ofatsa.

"Chimenecho ndiye chimene makasitomala athu amatikondera, achemwali. Makina athu amasiyanitsa mawu a munthu ndi phokoso, phokosolo n'kulichotsa."

"Chingazimitsidwe?"

"Ayi, chili m'makina athu onse mmene mawu amadutsa."

Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinamufotokozera za Bambo, za magalaji, za mpando umene unasamukira kuchipinda. Anakhala chete, ndipo popeza foni yake inali ya kampani yake, chetecho chinali changwiro.

"Ntchito yanga ndi kukunyengererani kuti musachoke," anatero motsitsa mawu. "Ndiye tinene kuti ndakunyengererani, mwakana. Mwezi woyamba usanathe mukhoza kuchoka popanda chilango, nambala n'kupita nayo. Kwatsala masiku atatu. Ndiyambe kulemba?"

Dzina lake sindinalifunse, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Ndinabwerera ku ndemanga za anthu zonyoza Yachikasu. Bambo wina anaipatsa nyenyezi imodzi n'kulemba kuti: "Foni yachabechabe. Mkazi wanga akaimba ali kuntchito ndimamva mpaka firiji ya mu ofesi mwawo." Sindinawerengepo chiyamikiro chokoma chotero. Tsiku lomwelo ndinakatenganso kabokosi kawo.

Ndinathamangira kuchipinda ndi yankho langa, ndikuyembekeza kuti Bambo adumpha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Usandinyengerere, mayi. Ndine wakhungu, si mwana."

"Yesani kamodzi kokha."

"Ndiyese, a Boneti ndi anyamata awo onse atazungulira foni, kenako ndisamve kanthu? Kachitatu? Tseka chitseko potuluka."

Ndinakakhala kukhitchini ndi kabokosi kachikasu pamiyendo. Funso loyamba ndinali nditalipeza yankho, koma lachiwirili, loti Bambo ndiwabwezere bwanji pafoni, silinali m'buku lililonse la masamu. Amayi ankapukuta makapu.

"Bambo akowa sukuwadziwa," anatero osatembenuka. "Ukawapempha amakana. Koma galimoto yodwala ikadutsa pamsewu sangathe kutseka pakamwa. Tsiku la ukwati wathu anatuluka m'tchalitchi kukauza dalaivala wina kuti achepetse mafuta."

Loweruka m'mawa ndinamata kapepala pa bowo loyenera la kabokosi kachikasu, n'kuwaonetsa Amayi polowetsa waya. Kenako ndinapita kugalaji ya a Boneti. Pansi panali makatoni akuda ndi oyilo, pakona mulu wa matayala, ndipo pakhoma pamwamba pa benchi panali nambala yathu ya penti yofiira, faifi wake atadontha mpaka pansi. A Boneti anatsegula pikapu yoyera n'kuzula waya umodzi wa pulagi.

"Galimotoyi ndaikonza ndekha dzulo, ilibe vuto lina," anatero. "Akapanda kumva ichi ndiye kuti basi. Koma mwana wa Madala, zikakanika, ine kunalibeko."

Ndinaimba pa kafoni kawo kamabatani, n'kukakweza mawu kuti tonse timve. Anayankha Amayi, kenako ndinawamva akuitana.

"Abambo, mwana wanu. Akuti waiwala dzina la mankhwala anu."

Panamveka mapazi, dzanja likupapasa khoma, kenako kupuma kwawo.

"Zaka zinayi ukugula mankhwala omwewo, lero waiwala?"

Ndinakodola a Boneti. Injini inalira, ikutsimphina, galimoto yonse ikunjenjemera.

"Ali mitundu iwiri, Bambo, a bokosi loyera ndi a bokosi lobiriwira."

"Oyerawo ndi a m'mawa, obiriwirawo ndi a…"

Anaima pomwepo. Ndinawerenga mumtima. Imodzi, ziwiri, zitatu. Apa ndi pamene chitseko chija chinkatsekeka. Zinayi, zisanu.

"Mayi, uli kuti?"

"Kogulitsa mankhwala, Bambo."

"Kogulitsa mankhwala kuli pikapu yoyenda ndi masilinda atatu? Mpatse foni wachipumi uyo."

A Boneti anaimirira mowongoka ngati Bambo akuwaona. "Madala."

"Wazula dala waya wa pulagi. Ukuyesa shuga wafika ku ubongo? Bwezera."

Anabwezera. Injini inakhazikika, ikuyenda mosalala. A Boneti anayamba kuseka uku akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka oyilo pachipumi chonse. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinene chinachake chanzeru.

"Chete nonse," anatero Bambo. "Sunthira kutsogolo, cha kufani. Pang'ono. Pamenepo. Ukukamva kamluzu ako?"

"Kamluzu kati, Madala? Galimotoyi ili bwino, mwini wake akubwera masana."

"Akabwera umuuze adikire. Pampu ya madzi yatsala ndi sabata imodzi. Zimitsa, uigwire ndi dzanja."

A Boneti anazimitsa, n'kupisa dzanja kuseri kwa fani. Ngakhale ine wa masamu ndinaona chinthucho chikuti gwedegwede. Anachigwedeza kachiwiri, mwina pofuna kuti chisinthe maganizo.

"Madala," anatero. "Mwalondola."

"Ndikudziwa. Uwauze anzako kuti nambala ndi yomwe ija. Mpatse mwana wanga."

Ndinatenga kafoniko, n'kuchepetsa mawu, n'kukaika pakhutu.

"Ndiye imeneyi ndi ija unaipatsa ziwiri pa khumi?"

"Yomweyo, Bambo."

"Digiri yabwino. Imalakwa, koma imabwerera kukaona." Anatsokomola pang'ono. "Zikomo, mayi. Mankhwala ukagulebe, oyerawo atsala atatu."

Anaika foni patebulo, koma sanaiike bwino pamalo pake, ndipo siinaduke. Ndinamva mapazi awo akupita kuchipinda. Ndinamva mpopi wa kukhitchini, wailesi, supuni ikugwa. Kenako panamveka chinthu cholemera chikukwekwesa simenti, chikuyandikira, chikugunda pachitseko, chikuyandikirabe.

"Abambo, nyamulani mpandowo!" anafuula Amayi. "Ndakolopa kumene!"

A Boneti anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere kafoni kawo. Ndinawauza kuti adikire kaye.