Munthu Wogona pa Injini

Ntchito ya Odette Thibodeaux inali kupha mainjini, osati anthu. Ankakhala pakhomo la helikoputa ya asilikali olondera nyanja, atamangidwa lamba m'chiuno, mfuti yaitali ili m'manja, n'kumasaka maboti aliwiro onyamula mankhwala ozunguza bongo. Dongosolo lake silinkasintha: kuwauza kuti aime, akakana kuwombera m'madzi kutsogolo kwawo, akakanabe kuswa injini. Pa zaka zisanu ndi chimodzi anali asanakandeko munthu ngakhale chala, ndipo ankanyada nazo, mwinanso mopitirira muyeso.

Tsiku limenelo dzuwa linali paliwombo, kutali kumwera kwa Mexico. Boti limene ankalithamangitsa linali ndi mainjini awiri ndi amuna atatu. Zipolopolo zochenjeza zinang'amba madzi, koma woyendetsa botilo sanacheuke n'komwe.

"Akuluakulu kusitima yathu avomera kuti tiwombe," anatero Lefutenanti Haskell, woyendetsa helikoputa, pawailesi ya m'makutu. "Thibodeaux, awonetse kuti sitinabwere kudzawotha dzuwa."

Odette anawomba kawiri. Injini yakumanzere inafuka utsi n'kuzima, liwiro la boti linachepa. Apo woyendetsa boti uja anakuwa kwinaku akuloza kumbuyo, ndipo mmodzi mwa anzake anakwawa n'kukagona chafufumimba pa injini yotsalayo, ataikumbatira ngati mtsamiro.

Pagalasi la mfuti Odette anamuona bwinobwino. Anali mdala wa imvi, malaya achikasu, nsapato kuphazi limodzi lokha. Maso anali atatsinzina, milomo ikuyenda. Pansi pa khwapa lake pankaoneka kachigawo ka injini, kukula kwake ngati chikhatho.

"Mafuta atsala a mphindi zisanu ndi ziwiri," anatero Haskell. "Sitima ili kutali, siwapeza amenewa. Ukuona powomba?"

"Ndikuyang'ana, bwana."

"Yang'ana msanga, mayi. Si iwe uja umaboola kapu ya khofi tili m'mwamba?"

Zinali zoona. Kachikhatho kaja akanakapeza kasanu ndi kanayi pa kakhumi. Koma boti linkadumpha pamafunde, helikoputa inkanjenjemera, ndipo chipolopolo chimene chimaswa chitsulo sichisiya nthiti za munthu. Pantchito imeneyi wamkulu amapereka chilolezo, koma wonena ngati powomba palipo ndi wogwira mfuti yekha. Palibe amene angamukakamize, palibenso amene angamusenzere. Odette ankadziwa bwino zimene zinali pansi pa lona m'botimo ndi kumene zinkapita. Kwawo ku Houma anali ataperekeza maliro a anzake awiri a kusukulu chifukwa cha katundu ngati yemweyo. Chala chinali pamalo pake, ndipo anachita mantha.

"Mphindi zitatu, Thibodeaux."

Funde linakweza boti, mdala uja anaterereka pang'ono, n'kudzikokeranso pa injini.

"Palibe powomba, bwana."

Haskell anakhotetsa helikoputa, ndipo botilo linapitirira ulendo wake ndi injini imodzi.

Atatera pasitima, Odette anakhala pabokosi la zida akupukuta mfuti. Haskell anabwera ndi makapu awiri a khofi, n'kumupatsa imodzi.

"Tili awiriwiri pano. Powomba panalibedi?"

"Panali," anatero Odette, natambasula chikhatho. "Chonchi."

"Mmm. Zimenezo sindilemba. Ndikanakhala ine mwina sindikanawombanso, kaya." Anamwako khofi, n'kukwinya nkhope. "Koma iwowo wailesi ali nayo. Pofika mawa gombe lonse likhala litamva kuti ukagoneka munthu pa injini, helikoputa imabwerera. Ndiye aziwagoneka, Thibodeaux. Ndipo ogonawo sakhala mabwana ayi."

Sanalankhule mokalipa, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri Odette. Akanakalipa bwenzi atamuyankha. Anafunafuna mumtima ngati akudandaula kuti sanawombe, koma sanapeze dandaulo lililonse. Mdala uja akupuma, adya chakudya lero. Komabe chimwemwe sichinabwere. Anali atapulumutsa munthu mmodzi amene anamuona nkhope, ndipo sankadziwa kuti wagoneka angati pa mainjini amene adzawapeze mawa.