Kadzidzi wa mu Mkuyu

Nikodemo atasuzumira m'nkhokwe m'mawa umenewo, anaona chimanga chikuyenda. Anali makoswe, akuluakulu ndi tiana tofiira topanda ubweya, ndipo zokolola za chaka chonse zinali zitsononkho zokhazokha. Chinatsala ndi mbewu yodzala basi, mumtsuko womata ndi dothi, ndipo dothilo anali atayamba kale kulikukuta.

Zaka ziwiri m'mbuyomo kadzidzi analira padenga pake, ndipo sabata lomwelo mwana wake Ellina anamwalira panjira yopita kuchipatala cha ku Nguludi. Nikodemo sanafunse munthu. Anatenga legeni n'kupha akadzidzi onse a mu mkuyu wa kuseri kwa nyumba, mazira n'kuswa. Anthu a ku Kadewere anamutama, ambiri n'kutengera.

Mlangizi wa zaulimi ndiye anapukusa mutu. "Khoswe mmodzi amaswa ana asanu ndi atatu, a Nikodemo. Miyezi itatu isanathe, anawo aswanso. Nanga mukapha wowadya, adzawaletsa ndani?" Nikodemo anaseka tsiku limenelo. Tsopano misampha yake inkagwira khumi, kwinaku akubadwa makumi, ndipo kuseka kunathawa.

"Bambo a Ellina, bwerani!" Anali mkazi wake Idesi, khanda lili kumbuyo, akuloza mkuyu. M'mphako munali kadzidzi, ali tong'o, dzuwa likuswa mtengo. "Ipheni mbalameyo. Ndinataya mmodzi, wachiwiriyu ayi."

Nikodemo anatenga legeni. Pansi pa mtengo anaponda timibulu ta ubweya tomwe mbalameyo inasanza. Ataphwanya kamodzi ndi chala, munatuluka kachibade ka khoswe, timano tachikasu tili poyera. Timibuluto tinali mbwee mpaka kumizu.

Anaika mwala m'legeni n'kukoka mphira mpaka kukhutu. Ankaopa mbalameyo, kuopa kwenikweni, koma ankaopanso mtsuko uja kupezeka wopanda kanthu mvula ikagwa. Kumbuyo kwake khanda linatsokomola. Thukuta linamulowa m'maso.

Pang'onopang'ono anatsitsa mkono.

"Ikadzalira padenga mudzandiuza chiyani?" anafunsa Idesi, mawu ali pansipansi.

Mwala uja Nikodemo anauika m'thumba, osautaya, nalandira mwanayo n'kumugwira pachipumi. Panali pofunda, ndipo sanathe kudziwa ngati ndi kutentha thupi kapena dzuwa.