Giya Yachisanu ya Pijo ya Atate

Atate atakankha ndodo ija n'kulowetsa giya yachisanu, galimoto inangoti zii, ngati wina wazimitsa chigayo. Tinali titangotuluka m'tauni ya Chongwe, msewu waukulu wopita ku Lusaka uli tambalale kutsogolo kwathu. Ndinawaona akupendeketsa mutu kuti amvetsere injini. Kenaka phazi lawo linayamba kutsika.

"Atate, bwezani mwendo pang'ono," ndinatero.

"Ikali kugona iyi, Ana," anandiyankha, akunditchula dzina langa. "Siinayambe kuimba."

Ndinagwira mimba yanga ndi manja onse awiri. Inali ya miyezi isanu ndi itatu. Ziwiri zoyamba zinapita padera, choncho iyi ndinkayenda nayo ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza. Ngakhale minibasi ndinali nditasiya kukwera. Koma tsiku limenelo ndinali pampando wakutsogolo wa galimoto yondiposa zaka, yopanda lamba womangira munthu, ndipo muvi wa liwiro unkakwera ine ndikuona.

Atate, a Aloysius, anagwira ntchito yoyendetsa ansembe a ku Kasisi moyo wawo wonse. Atapuma, ansembewo anawasiyira Pijo 404 yoyera imene ankayendetsayo. Ndodo yake ya magiya inali pachiwongolero, pafupi ndi zala, ndipo magiya ake anali anayi. Atate sankayendetsa galimotoyi ndi maso okha ayi. Ankati giya iliyonse ili ndi nyimbo yake, ndipo pa tala, m'giya yachinayi, panali kamvekedwe kena kamene kakafika ankadziwa kuti ali pa nainte. Apo sankapitirira. Tili ana tinkawayesa, wina n'kuphimba muvi ndi chipewa, iwo n'kutchula liwiro osaphonya.

Zaka zapitazi anasiya kupita ku Lusaka. Ankangozungulira m'misewu yafumbi ya kwawo komweko: kutchalitchi, kumunda, kuchigayo. Tikawafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi.

"Pa tala injini ilira maningi. Magiya folo yachepa masiku yano. Niimvelera chifundo."

Tonse tinkangovomera n'kusintha nkhani, kupatula mwamuna wanga Gershom. Gershom amagwira ntchito m'boma ku Lusaka, koma Loweruka likafika simungamupeze kwina kusiya pansi pa galimoto. Ndi munthu amene sangamve dandaulo osatola sipanala. Anasakasaka kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto akufa mpaka anapeza giyabokosi ya magiya asanu, yochokera m'Pijo ina yatsopanoko. Kenaka anakauza Atate kuti galimoto yawo ikufunika kusinthidwa mafuta, n'kubwera nayo papuloti pathu ku Chongwe. Atate akafunsa, ankangowauza kuti adikire pang'ono.

Inakhala pamenepo kuchokera nthawi yokolola mpaka mitengo itayamba kuphuka, itakwezedwa pazitsa, iye ndi mnzake Jabez makaniko akungooneka mapazi. Giyabokosi yatsopanoyo inali yaitali kuposa yakale. Anadula chitsulo chapansi chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo kuti chifupike, n'kuwotcherera china chogwiriza giyabokosiyo. Ndodo yatsopano inakana kufika pachiwongolero, ndiye anaboola pansi, pakati pa woyendetsa ndi wokwera, n'kuitulutsira pamenepo. Ine galimotoyo ndinaitcha mkazi mnzanga. Ngakhale patebulo tinkadya nayo.

"Faifi ili kumanja, kutsogolo," Gershom ankatero, supuni itasanduka ndodo ya magiya. "Kubwelera ku folo udonsa chabe kumbuyo. Thiri ukankha kutsogolo, pakati."

"Ba Gershom, ine niyendetsa ya otomatiki. Idyani."

Ndinamva mawu a Gershom amenewo kambirimbiri moti ndikanatha kuwanena ndili m'tulo.

Tsiku la ulendowu linali Lamulungu. Misa itatha, Atate anabwera pa minibasi kudzatenga galimoto yawo, atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi. Gershom anali ataitsuka mpaka inkathobwa m'maso. Anawatsegulira chitseko, iye n'kunjuta pambali mwaulemu, nkhope ikuwala ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Atate anakhala pampando. Dzanja lawo lamanzere linapita lokha pachiwongolero, pamene panali ndodo zaka zonsezo, ndipo linagwira mphepo. Linayesanso kachiwiri.

"Ili pansi apa manje, ba Tata," anatero Gershom. "Magiya faifi. Siizakaliranso pa tala. Lusaka yakhala pafupi."

Atate anatsitsa dzanja, kufufuza mpaka anaipeza ndodoyo, n'kumasisita mutu wake ndi chala chachikulu.

"Manambala yalembewa pamwamba apo, mungaone," Gershom anawonjeza.

Sanayang'ane. Ine ndinaziona zimenezo, koma ndinangoti ndi kunyada kwa madalaivala akale.

"Mwachita bwino, apongozi," anatero pomaliza. "Mwavutika maningi."

Akanatinso chiyani? Mkamwini wataya Loweruka lililonse, wang'ambika zala, wakonza chinthu chomwe iwe mwini unkadandaula nacho pamaso pa anthu. Kwathu mphatso yotere suibweza. Gershom anapempha kuti ayendetse iye mpaka ku Kasisi, Atate aone kaye m'mene magiya akulowera. Pamenepo ndiye anawaponda pachilonda.

"Nayendetsa mabishopu na iyi motoka, apongozi. Imwe bwelani kumbuyo na kamotoka kanu kaja. Ana akwela na ine. Ninamuchotsa kuchipatala na iyi, ali wamasiku yatatu. Na muzukulu wanga ayambe kuiziba."

Ndinafuna kukana. Koma ndinakwera.

M'tauni zonse zinayenda bwino. Ankayendetsa pang'onopang'ono, dzanja likumapita pachiwongolero kaye, kenaka n'kukumbuka n'kutsika pansi. Mavuto anayamba ndi giya yachisanu ija. Injini itangokhala chete, Atate anayamba kuisaka nyimbo yawo yakale ndi phazi. Koma giya yachisanu ntchito yake ndi yomweyo: galimoto ithamange, injini ipume. Kuti nyimboyo imveke, tinayenera kuuluka.

Muvi unadutsa nainte. Unadutsa handiredi. Mphepo inayamba kulira m'mphepete mwa magalasi, chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwawo. Pagalasi lam'mbali ndinaona kagalimoto kathu kakuthwanimitsa nyali kumbuyo, kakucheperachepera.

"Iyo!" anatero Atate, akumwetulira. "Wamvela? Yayamba kuimba. Tili pa nainte."

"Atate, tapitilira handiredi teni."

"Iwe naiwe, mantha. Nainte iyi."

"Onani muvi!"

Anatsitsa maso. Ndinawaona bwinobwino akuyang'ana pamene panali muvi, akutsinzinira pang'ono, n'kudzutsanso mutu.

"Nainte," anatero, koma mawu awo anatuluka opyapyala.

Zinthu zing'onozing'ono zimene ndinkaziona osaziganizira zinabwera zonse pamodzi. Kutchalitchi ankandifunsa nambala ya nyimbo, amati aiwala magalasi. Pamaliro a azakhali anapatsa moni munthu mmodzi kawiri. Misewu yafumbi ya ku Kasisi ankaidziwa dzenje lililonse, moti akanaiyenda atatseka maso. Sikuti ankamvera injini chifundo. Atate anali atasiya kuona, ndipo khutu limene linkawayendetsa tinali titawalanda ndi manja athu.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Ndinkafuna kukuwa, koma ndinaopa kuti ndikawadzidzimutsa agwedeza chiwongolero. Ndinalankhula motsitsa, ngati ndikunyengerera mwana amene wanyamula mpeni.

"Atate, nimvela chizungulire. Imani pambali, napapata."

"Tiime kutsogolo, pa Chalimbana. Apa ni potsika."

Panalidi potsika. Ndipo kumunsi kwake, m'mbali yathu ya msewu, ndinaona nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa pa tala, imodzi, kutsogolo ina, kutsogolo inanso. Aliyense woyenda m'msewu umenewu amadziwa tanthauzo lake: patsogolo pafera galimoto. Inali lole yodzaza matumba a chimanga, itaima pakati pa njira yathu. Mbali inayo kunkabwera basi yaikulu.

"Atate, misambo pamsewu! Pali lole yafa!"

"Kuti?"

Nthambi yoyamba inalowa pansi pathu n'kukhwekhwereza. Apo m'pamene anakhulupirira. Anaponda mabuleki. Galimoto inagwedezeka, inakokera kumanzere, n'kutulutsa fungo la chinthu chopserera, koma liwiro linangotsika pang'ono. Mabuleki ake anali akale omwe aja, opangidwira anthu osafulumira. Dalaivala wakale amadziwa chochita zikatero: amatsitsa giya kuti injini igwire galimoto. Phazi la Atate linaponda kilachi, dzanja linathamangira pachiwongolero, n'kugwira mphepo. Linakapakapa pamenepo, zala zikutseguka ndi kutseka.

"Giya! Giya ili kuti?"

Sindikumbuka ndikuganiza chilichonse. Ndimangokumbuka supuni ya Gershom. Ndinagwira ndodo ija ndi dzanja lamanja n'kuikokera kumbuyo ndi mphamvu zanga zonse.

"Folo! Chotsani mwendo!"

Anachotsa. Injini inakuwa, galimoto inagwa chamutu, ine n'kumenyetsa phewa kutsogolo, dzanja lina litaphimba mimba. Koma kukuwa kumeneko kunawabwezera Atate m'dziko lawo. Ndinawaona msana ukuwongoka. Tsopano ankamva pamene tinali.

"Osakhudza," anatero. "Dikira. Dikira. Manje, thiri!"

Anaponda, ndinakankha kutsogolo, pakati. Magiya anakukuta mano, kenaka analowa. Injini inalira ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Kumbuyo kwa lole kunkakula, moti ndinayamba kuwerenga zolembedwa pamatumba. Basi inali pafupi, hutala ili pakamwa. Amuna awiri amene anakhala pamthunzi pansi pa lole anabalalika.

"Kumanzere kuli chani, Ana?"

"Miyala na udzu. Kulibe mugelo wa madzi."

"Gwila mwana."

Anapotoza. Tinachoka pa tala, miyala ikuwomba pansi pa galimoto ngati matalala padenga, udzu wautali ukukwapula magalasi. Mbali ya lole inadutsa pafupi ndi phewa la Atate moti akanatha kuikhudza. Tinadumpha kachulu, mutu wanga unagunda denga, kenaka injini inatsamwa n'kuzima. Fumbi lofiira linatikuta.

Ndinatsegula chitseko n'kukhala pansi, paudzu, msana nditatsamira tayala lotentha. Phewa linkawawa, koma sindinalilabadire. Ndinayika manja pamimba n'kudikira. Mwana ameneyu ankandimenya tsiku lonse, ngakhale pa Misa m'mawa womwewo sanandipatse mtendere. Tsopano munali zii. Bata limenelo ndinkalidziwa, ndinali nditalimvapo kawiri.

"Suntha," ndinanong'ona. "Napapata, suntha chabe."

Gershom anafika akuthamanga, kagalimoto kathu atakasiya chitseko chili pululu. Anagwada pambali panga, akungobwereza dzina langa. Dalaivala wa lole, bambo wamtali wovala malaya oyera, anabweranso akukalipa.

"Imwe ba mudala, mufuna kutipaya? Misambo yonse ija simunaione?"

Atate anatuluka pang'onopang'ono, akugwira denga la galimoto, n'kuzungulira mpaka mbali yathu. Jekete yawo yakuda inali itafiira ndi fumbi. M'dzanja anali ndi makiyi, olendewera pa kamendulo ka woyera mtima kamene ansembe anawapatsa kalekale. Anaima patsogolo pa bambo wa malaya oyera uja, yemwe anali atasiya kukalipa kuti apume, n'kumutambasulira makiyiwo ndi manja awiri.

"Apongozi," anatero, "tengani. Motoka ilibe mulandu. Mwaikonza bwino."

Bambo uja anayang'ana Gershom, amene anali chogwada pambali panga, naye atavala malaya oyera a kutchalitchi. Makiyi ankagwedera padzuwa, Atate akudikira kuti mkamwini wawo awalandire.

"Atate," ndinaitana. "Tili kuno. Pansi."

Anatembenukira kumene kunachokera mawu. Anabwera, nagwada movutikira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana m'maso pafupi, padzuwa. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo kotuwa.

"Mwana?" anafunsa.

"Sasuntha."

Ndinawagwira dzanja, makiyi ali momwemo, n'kuliika pamimba panga. Kamendulo kaja kanali kotentha. Atate anatseka maso, n'kupendeketsa mutu monga ankachitira pomvetsera injini m'mawa kukazizira. Magalimoto ankadutsa pamsewu. Dalaivala wa lole anavula chipewa.

Kenaka, pansi penipeni pa chikhatho chawo, kaphazi kanamenya, ndipo makiyi analira.