Thumba Loyera la a Hamweemba

Ndinkatsuka zikho za mkaka kuseri kwa khola pamene Bina Luyando, neba wanga, anatulukira akupuma wefuwefu.

"Bina Nchimunya, siyani zimenezo! Dokotala wanu wa dothi watsika basi. Kunyumba kuno sabwera, walunjika kumunda."

Ndinapukuta manja, ndikunena kapemphero mumtima.

Nchimunya ndi mwana wathu woyamba, wamkazi, amagwira ntchito yoyeza dothi ku tauni ya Choma. Bambo ake, a Hamweemba, ndi wapampando wa kalabu ya alimi a mpendadzuwa. Mvula isanagwe anatapa dothi m'minda ya kalabu, nalisakaniza, namutumizira. Yankho linati boroni, mchere umene mpendadzuwa umafuna pang'ono chabe kuti ubereke, alimo wochuluka, ndipo kuthira wina kungawaule masamba. A Hamweemba anaima pamsonkhano nati, "Mwana wanga wanena. Wina asagule."

Mpendadzuwa unakula bwino, koma pochita maluwa mitu inapotoka, ina kuthyoka pakhosi. Njere zinali makoko okhaokha. Chiyambire pamenepo bambo ake sanamuyankhenso pafoni. Dzina lake linaleka kutchulidwa pa pemphero la madzulo, ngakhale ndinkaona kuti nkhuku yake yamawanga ankaiwazirabe mapira ndi dzanja lawo.

Nditafika kumunda ndinapeza Nchimunya ndi bambo ake ataima motalikirana pakati pa mapesi. Amuna angapo a kalabu anali atafika kale.

"Wabwera kudzayeza njala tsopano?" anatero a Siamaundu, mlimi wa munda woyandikana ndi wathu. Ena anaseka.

Nchimunya anagwada kupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa a Siamaundu. Kenako anatembenukira kwa bambo ake.

"Baba, masamba amene Amayi ananditumizira ndayeza. Mulibe boroni. M'dothi limene ndatapanso m'dera lino mulibenso. Lanu lokha ndilo linali ndi wambiri."

"Ndiye kuti ndine wabodza?"

"Ayi, Baba. Linafika mu envulopu. Musanaliike mu envulopu linali muti?"

"M'thumba. Loyera bwinobwino, osati la feteleza. Ukuyesa sindikudziwa zimenezo? Ndinadikira kuti amayi ako amalize sopo waufa amene anali m'thumbamo, ndinalikutumula, ndinathiramo dothi likadali lonyowa. Linakhala momwemo mpaka ndinapeza wopita ku tauni. Ndinati mwana wanga asachite manyazi kuntchito ndi dothi lonunkha ndowe."

Nchimunya anayang'ana pansi. Anasendera pafupi, natsitsa mawu kuti amve bambo ake okha, koma ine ndinali pambali pawo.

"Sopo wina waufa amakhala ndi boroni, Baba. Chimene ndinayeza ndi sopoyo."

Kenako anakweza mawu, akuyang'ana amuna aja. "Nkhaniyi tikambirana kunyumba. Inenso ndinalakwa, ndikanafunsa za thumba ndisanatumize yankho."

Anawavula bambo ake chisoti chimene chinali chitakodwa ndi zisoso, nazichotsa chimodzichimodzi. Iwo anangoima. Ndakhala nawo zaka zambiri, sindinawamvepo akubweza mawu awo pagulu. Ndinapempha Mulungu kuti andigwire lilime, ndipo anandigwira.

"Mwati bwanji kumeneko?" anafunsa a Siamaundu. "Zonong'onezana ndi za akuba ng'ombe."

"Tiyeni, Baba," anatero Nchimunya, akuwakoka dzanja.

Sanasunthe. Anatola mutu wa mpendadzuwa umene unagwa, naufinya, makoko nkumayoyoka.

"Siamaundu, ndi inu nonse, mwanayu anayeza chimene ndinamupatsa. Dothi ndinaliipitsa ndine, ndi sopo. Minda yanu ndaipha ndine."

Palibe anaseka. A Hamweemba anagwada pamzere, mawondo onse awiri, pamaso pa mwana wawo.

"Nchimunya, mayi wanga, ndinakutsekera khomo pa mlandu wanga. Ndikhululukire."