Denga la Chigafa cha Malemu

Chigafa cha a Fainala, mayi wamasiye, chinkadontha ngati dengu, ndipo kunali kutatsala masabata awiri kuti ayambe kuthyola fodya. Chaka chimenecho makuponi anatuluka m'dzina lawo, feteleza anapezeka, fodya n'kukula masamba ngati malichero. Koma fodya akavumbwa m'chigafa amaola, ndipo ku okushoni ogula amangomudutsa ngati sakumuona.

Udzu unalipo, mitolo makumi atatu imene anamweta okha m'chilimwe. Wofolera analiponso: Wyson, mwamuna wa mwana wawo Anesi, amene anali pachikamwini chaka chachitatu. Koma mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Akakumana m'njira, wina amapatukira m'chimanga. Mawu onse ankadzera mwa Anesi.

"Kamuuze mwamuna wakoyo kuti chigafa chikudontha. Kodi maso ake ndi ongoonera bawo?"

Anesi ankapita, n'kubwerako. "Akuti amva."

Anamva mu Novembala, anamva pa Khirisimasi, chigafa chili chidonthere.

Masiku amenewo wailesi inali ndi nkhani imodzi: aphungu ena ankafuna lamulo loti wachinyamata aliyense azipita kukaphunzira usilikali ndi ntchito zotumikira dziko kwa chaka chathunthu. Anthu a bungwe lina anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzamva maganizo, n'kuitanitsa msonkhano pasukulu ku Lisasadzi. Anthu anadzaza bwalo, poti zaka zimenezo galimoto ikaima ndi mapepala, munthu sukhala kunyumba, mwina akulemba maina a thandizo. Wapampando anali a Yobe, mphunzitsi wopuma ntchito, atavala jekete ya ukwati wawo.

Okalamba amene anaona Apayoniya anagawikana. Ena ankakumbuka mizere yowongoka ndi anyamata odziwa kupereka moni. Ena ankakumbuka mbama za pachipata cha msika. Onse ankanena zoona, ndipo ndi chifukwa chake sankamvana.

A Fainala sanabwerere zimenezo. Anaona Wyson atakhala pa njinga yake kumbuyo, ndipo nzeru inawafikira: pamsonkhano munthu salankhula ndi mkamwini, amalankhula ndi wapampando. Anamanga chitenje, n'kuimirira.

"A wapampando, ine lamulolo ndalivomera ndi manja awiri. Awatenge! Alipo achinyamata ena m'mudzi muno, sinditchula dzina, miyendo iwiri, manja awiri, nsima mitanda isanu. Denga likudontha pamutu pawo, udzu uli poteropo ukudyedwa ndi chiswe, iwo ali neng'a. Kodi kuusilikaliko amaphunzitsa kufolera? Ngati amaphunzitsa, galimoto yanuyo isabwerere yopanda kanthu."

Azimayi anaimba nthungululu. Mitu yonse inatembenukira kumbuyo, poti m'mudzi dzina losatchulidwa ndi limene limamveka kwambiri. Anesi anabisa nkhope m'mpango.

Wyson anatsamiritsa njinga pamtengo, n'kuvula chipewa. Sanayang'ane kumene kunali apongozi ake. Anayang'ana jekete ya a Yobe.

"A wapampando, ine ndikukana lamulolo, chifukwa enafe tinalowa kale. Chaka chokha? Ife chachitatu chino. Tambala woyamba, khasu paphewa. Pamzere wa feteleza tinagona masiku anayi, opanda yunifolomu, opanda nsapato za boma. Akuluakulu a asilikali athu sitinawaonepo nkhope, timangomva malamulo kudzera mwa sajeni."

"Sajeniyo ndani?" anafuula wina.

"Ndimagona naye nyumba imodzi, musandipalamulitse."

Bwalo linaphulika. Mtsikana wa ku Lilongwe amene ankalemba maganizo anaika cholembera pansi kuti aseke bwino. A Fainala nawonso kukamwa kunawayabwa, koma anadzigwira. Anaimiriranso osadikira kulozedwa.

"A wapampando, mufunseni msilikaliyo. Lamulo la denga analandira kangati?"

A Yobe anakonza magalasi. "Msilikali, mwamva funso."

"Silinandifike, a wapampando. Chimene sajeni anandiuza n'choti, 'Amayi akuti mvula yachuluka chaka chino.' Ine ndinati ndamva. Yachulukadi."

A Fainala anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Anesi!"

"Nanga amayi, ndikanakanena zija za maso a bawo?" anatero Anesi ali m'mpango momwemo. "Ndimachotsako minga."

"Unachotsa minga ndi mtengo womwe!"

Wyson anadikira kuti phokoso litsike. Atayambanso, mawu ake anali ofatsa.

"Komanso, a wapampando, kudonthako ndimakuona, sindine wakhungu. Koma chigafacho anamanga ndi manja awo malemu apongozi aamuna. Kwathu ku Chisemphere, mkamwini sakwera padenga la malemu n'kuyamba kusasula asanauzidwe. Anthu angati wabwera dzana, lero wayamba kugwetsa za eni ake. Ndinamuuza sajeni kuti akandipemphere chilolezo."

"Iwe Anesi!"

"Ndinaopa kuti mukumbuka abambo, muyamba kulira."

A Fainala anakumbukadi. Zinali zoona kuti udzu wakuda wa padengapo anauyala ndi bambo ake a Anesi, chaka chomaliza chimene anakwera padenga, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu. Miyezi itatu yonseyi iwo ankaona ulesi, pamene mnyamatayo ankapereka ulemu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje msangamsanga, ngati akuchotsa kachitsotso.

"A wapampando, muuzeni kuti malemuwo fodya woola ankadana naye kuposa Satana. Akwere. Asasule zonse."

"Msilikali, akuti mukwere."

"Auzeni kuti mawa kukamacha ndili pamwamba. Koma luzi palibe."

"Muuzeni kuti luzi ndinaviika kale, lili kuseri kwa khola."

"Anthuni," anatero a Yobe, "ine anandiitanira za dziko."

Mtsikana wa ku Lilongwe anatola cholembera. "Pepani amayi, ndiye ndilembe kuti mukuvomereza lamuloli?"

"Liyamba liti?"

"Likadutsa, mwina chaka chamawa."

"Lembani kuti ndikuvomera, koma atenge ana a eni ake. Wangayu ayi. Ali ndi kuthyola, kusoka, kusankha, kudinda mabelo. Boma likamufuna lidzabwere kudzapempha kwa ine, ndipo lidzadzere mwa Anesi."

M'mawa mwake a Fainala anadzidzimuka ndi phokoso la udzu wakale ukugwa pansi. Anatuluka, n'kuima patali, atafulatira chigafa monga mwa mwambo, n'kumauza nkhuku mokweza kuti mbali ya kumvuma ndi imene imadontha kwambiri. Padenga panamveka kukhosomola, kenaka mapazi akusunthira kumvuma.