Dziko Lopanda Pokumba Chimbudzi

Chimbudzi cha a Enerst ku Chinsapo chinali chitadzaza, ndipo mvula inali pafupi. Malo okhawo okumba china anali pamalire ndi a Greyson, munthu amene sankapatsana naye moni chikanganirane za papaya wina amene anamera pamalire pomwepo. Papayayo anauma kalekale. Akazi awo ankapatsanabe mchere mobisa, koma abambowo mitu inali gwa ngati njerwa zowotcha.

Loweruka lina a Enerst anaima pamalirepo ndi khasu, akunamizira kupalira, kwinaku akusowa poyambira kupempha. Kuseri kwa mpanda waudzu a Greyson ankapolisha nsapato, wailesi ili pambali. Mayi wina pawailesipo ankafotokoza kuti akatswiri apeza dziko lina kutali zedi, lozungulira nyenyezi ina osati dzuwa lathuli. Anati ndi lalikulu koopsa, koma lonselo ndi mpweya wokhawokha, nthaka kulibe. Mphepo yake imathamanga kuposa ndege, ndipo kumatentha moti chitsulo chingasungunuke.

A Enerst anayesetsa kukhala chete, koma pakamwa panawayabwa.

"Ndiye munthu akafika kumeneko amaponda pati?"

"Saponda," anayankha a Greyson osadzutsa mutu. "Amangomira basi, osafika pansi."

"Malata ndiye angasasuke tsiku lomwelo."

"Malata ake ati, akulu? Muwakhoma pa chiyani?"

Anayamba kulikonza dzikolo awiriwo, wina uku wina uko. Anagwirizana kuti zovala zingaume msanga koma mwini wake osazionanso, kuti makala palibe angawafune, ndiponso kuti ngakhale fumbi la Chinsapo munthu angalisowe. A Enerst anangozindikira akuseka. Anachita manyazi pang'ono, koma mumtima munapepuka.

Kenaka a Enerst anafunsa: "Nanga kopanda dothi kumeneko, chimbudzi amakumba pati?"

A Greyson anaika nsapato pansi. Anasuzumira pampanda, nayang'ana khasu lija, nayang'ananso kachimbudzi kopendekeka kaja, kamene fungo lake linkawafika iwonso tsiku lililonse.

"Kumeneko ndiye n'zovuta," anatero. "Koma kuno dothi lilipo. Khasu limenelo simupita nalo patali. Dikirani ndikutengereni piki."

Anabwera nayo pikiyo. Asanaipereke, anazula okha mtengo wampanda n'kuusunthira chakwawo.