Batani la Mabowo Anayi

Mu shopu yosokeramo ya apongozi ake a Nasingano munali makina awiri opalasa, tebulo lodulirapo nsalu, ndi botolo lalikulu la mabatani. Koma mabatani khumi oyera a mabowo awiri, amene ankakhala m'thumba la epuloni ya Nasingano, anali osakhudza. Dzina la Nasingano anamupatsa ndi makasitomala, poti ankatha kukamba nkhani yonse singano ili pakamwa.

Pathupi pake panali pa miyezi isanu ndi itatu. Pathupi poyamba panathera m'misozi. Mwana anasiya kusewera m'mimba, onse m'nyumba n'kumati wagona, ndipo pofika kuchipatala patapita masiku awiri n'kuti zitatha kale. Ndiye ulendo uno namwino wa kusikelo sanapsatire mawu.

"Mayi, mwana wanu mumudziwe mmene amasewerera. Mukadya, khalani pansi muziwerenga. Akagunda kakhumi m'maola awiri, mtima m'malo. Koma akachepetsa kapena kusintha khalidwe, musadikire mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu."

Zolemba papepala zinamukanika, poti manja a telala sakhala chabe. Ndiye anapeza yake nzeru. Mwana akagunda, iye ankapisa m'thumba n'kuponya batani limodzi m'kambale ka pawindo. Akakwana khumi ankawabwezera m'thumba, tsikulo n'kukhala labwino.

Khalidwe la mwanayo ankalidziwa ngati mzere wa ulusi wake. Makina akamalira, iye phee. Makina akangoima, chibakera m'nthiti.

"Ameneyu ndi kapitawo," apongozi ankatero. "Sanabadwe n'komwe wayamba kale kutilondera ntchito."

Mwamuna wake, dalaivala wa lole amene ankatha sabata ali pamsewu, akaimba foni moni wake unali umodzi: "Lero zigoli zingati?"

Apongoziwo anali munthu wabwino, koma liuma lawo linali la mtundu wina. Maso anali atawathera, moti ulusi pasingano ankawalowetsera ndi Nasingano, koma za magalasi sankafuna kuzimva. Ankati magalasi ndi a anthu okalamba, chikhalirecho mutu wonse uli mbuu.

Lachitatu lina anali ndi malaya a ana asukulu oti amalize. Atadya chamasana, Nasingano anaimitsa makina, n'kutsamira khoma, dzanja pamimba. Anadikira. Kugunda koyamba kunabwera mochedwa, kofooka ngati munthu wogogoda pakhomo la eni. Anaponya batani. Ola linatha, lachiwiri n'kufika pakati, m'kambale muli anayi okha.

"Amayi, lero kapitawo wachita ulesi."

Apongozi, amene ankasokerera mabatani pamalaya, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kwatenthatu lero, mwana wanga. Ngakhale ine ndikuwodzera. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nthawi yomweyo munalowa mayi wina wofuna kuyezetsa diresi. Nasingano anatenga tepi n'kupita naye kuseri kwa katani. Mayiyo anali wa nkhani zosatha, ndiponso ankakana kuti chiuno chake chakula, moti anayezedwa katatu ngati tepiyo isintha maganizo. Atatuluka, Nasingano anapita pawindo n'kuwerenga. Khumi.

Anawerenganso. Khumi ndithu. Anapuma mpweya wautali, mtima n'kutsika. Mwina anaponya ena osazindikira, poti manja ozolowera ntchito amayenda okha. Anawakhuthulira m'chikhatho kuti awabwezere m'thumba, ndipo ndi pamene chala chake chachikulu chinaima. Telala safuna maso kuti adziwe batani. Limeneli linali la mabowo anayi.

Anawayala patebulo. A mabowo awiri analipo anayi, enawo asanu ndi limodzi anali a mabowo anayi, ofanana ndi a pamalaya aja. Anapisa m'thumba la epuloni, n'kupeza ake asanu ndi limodzi ali momwemo.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mabatani awa ndi anu?"

Singano ya apongozi inaima. Anayamba ngati akana, kenako mapewa anagwa.

"Ndinaona nkhope yanu mmene inalili, zinandipweteka. Ndimati mtima wanu ukhale pansi. Paja nkhawa nayo imavutitsa mwana."

"Amayi, si mtima wangatu umene tikuwerenga."

Nasingano sanakalipe. Mantha anali atamugwira moti mphamvu zokwiyira analibe. Apongozi anayang'ana mabatani aja, nkhope n'kusintha, chifukwa anakumbukira. Ulendo woyamba uja, amene ananena kuti mwana wagona, musiyeni apume, anali iwo omwe.

Apongozi anaimirira. Malaya anasiyidwa singano ili chilasire pakolala. Anatenga chikwama chomwe chinali chokonzeratu pansi pa tebulo, anatuluka ndi Nasingano, anakhoma chitseko, n'kupita pamsewu kukaimitsa galimoto ndi manja onse awiri, ngati wapolisi.

Kuchipatala namwino anamugoneka Nasingano n'kumumanga lamba wa kamakina pamimba. Panadutsa kanthawi kongomveka phokoso. Kenako kamtima kanamveka, kakugunda ndithu, koma kakumazilala n'kuyambanso ngati makina opalasidwa ndi mwendo wotopa. Namwino anaitana adokotala. Iwo anayang'anitsitsa pepala lotuluka m'kamakinako, n'kunena modekha:

"Mwanayu watopa, mayi. Sitidikira tsiku lake, timuchotsa lero lomwe. Mwachita bwino kubwera msanga."

Dzuwa lisanalowe, kunabadwa kamtsikana kochepa thupi koma kaukali pakamwa.

M'mawa mwake anamukankha Nasingano pampando wamatayala kukaona mwana, amene anamugoneka m'kabokosi kagalasi kofunda. Anapeza apongozi ali kale pomwepo, zovala zadzulo zomwe zija, mphuno pafupi ndi galasi. Timiyendo ta mwanayo tinkapalasa m'mwamba.

"Mwamuna wanu ndamuimbira," anatero osatembenuka. "Akuti lole aisiya panjira ngati n'kotheka. Wafunsa zigoli, ndamuuza kuti zaposa khumi, ndawerenga ndekha." Kenako anamutembenukira. "Mwana wanga, m'botolo muja a mabowo awiri alimo ambirimbiri. Ine ndinangotola oyera, osaona kusiyana kwake. Ndikanati nditole amenewo..."

Sanathe kumaliza. Nasingano nayenso anali ataziganizira. Akanawerenga khumi, n'kubwerera pamakina, n'kumaliza malaya aja bwinobwino. Anayang'ana mayi wokalambayo, amene chikondi chake chinatsala pang'ono kuwalanda mwana wachiwiri, ndipo anapeza kuti mkwiyo mulibe mwa iye, muli chisoni ndi kuthokoza basi.

Anawagwira dzanja, lija la zipsera za singano.

"Amayi, magalasi ndimakuvutitsani nawo aja," anatero, "mwachita bwino kukana."

Apongozi anaseka kamodzi, kuseka kuja n'kusanduka kulira, ndipo analira atagwira dzanjalo mpaka namwino anabweretsa mpando.